Musanakwere ku Chawe, yambani mwayenda m'tauni ya Zomba

Ikafika nyengo yoti ophunzira a ku Chanco (Chancellor College) alandire madigiri, Zomba imadzaza mpaka malo ogona kusowa. Makolo ndi abale amachokera ku Karonga, ku Nsanje, ku Mchinji, atatchena zovala zimene anasunga chaka chonse. Mwambo ukangotha, magalimoto amandondozana kulowera kuphiri. Amakajambulitsa pa damu la Mulunguzi, kugula masitiroberi kwa ana a m'mbali mwa msewu, kudya nkhomaliro ku Chawe, dzuwa likapendeka aliyense ulendo wa kwawo. Akafika amati, "Zomba taiona." Phirilo ndi lokongoladi, zimenezo sinditsutsa. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthuwa amadutsa pakati pa mzinda umene unali likulu la dziko lino kwa zaka 84 atatseka mawindo a galimoto, osadziwa kuti m'nyumba zakale zimene akuzisiya m'mbuyozo ndi momwe munkachokera malamulo amene ankalamulira agogo awo.

Chaka china malume anga anabwera kuchokera ku Kasungu kudzaona mwana wawo akuvala chipewa. Mmawa wake ndinawapempha kuti tisiye galimoto, tiyende pansi. Titangoyenda pang'ono anaima, n'kuyang'ana kumtunda, n'kuyang'ananso kumunsi, kenako anati, "Kodi mphwanga, boma lonse la dziko lino linkakwana bwanji pa kamalo aka?" Funso limeneli ndi labwino, ndipo yankho lake ndi lalitali.

Azungu asanafike, m'tsinde mwa phirili munali kale anthu. Amang'anja ndiwo ankalima kuno, ndipo David Livingstone anawapeza pamene anaona nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859. M'zaka za m'ma 1860 kunalowa Ayao ochokera kum'mawa, ndipo mayina a mafumu awo, monga Malemia ndi Mlumbe, ndi omwe tikuwatchulabe lero tikamanena madera a m'boma la Zomba. Njira za malonda a minyanga ndi akapolo zinkadutsa m'chigwa cha pakati pa phiri ndi Chilwa kulowera kunyanja yamchere.

Mzungu amene anakhazikika kuno koyambirira ndi John Buchanan, yemwe anabwera ndi mishoni ya Blantyre mu 1876, kenako n'kuchotsedwa ntchito ku mishoniko. Anatsegula minda ya khofi ndi nzimbe m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Cha mu 1886 anamangira nthumwi ya boma la Britain nyumba yaikulu ya njerwa m'munsi mwa phiri. Nyumbayo ilipo mpaka pano, ndi imene timaitcha Masongola, ndipo anthu amati dzinalo linachokera ku nsonga zosongoka za denga lake. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda, anapeza nyumba ili kale chiimire, madzi ozizira akutsika okha kuchokera kuphiri, mphepo ili yabwino kusiyana ndi kuchigwa kwa Shire, komanso malo oti n'kuyang'anira njira ya akapolo ija. Chinanso chinalipo: ku Blantyre kunali amishoni ndi amalonda a ku Mandala omwe anali ndi mawu awoawo, ndipo Johnston sankamvana nawo kwenikweni. Makilomita pafupifupi 65 anali mtunda wabwino woti asamamulowerere pa ntchito. Motero Blantyre inatenga malonda, n'kudzatenganso njanji mu 1908, pamene Zomba inatenga maofesi, asilikali ndi ndende. Sitima ya pamtunda sinafikepo m'tauni ino.

Ndiye yankho kwa malume linali lakuti boma la nthawi imeneyo linali laling'ono zedi. Ntchito yake yaikulu inali kutolera msonkho wa nyumba, kusunga bata ndi mfuti, ndi kuonetsetsa kuti minda ya azungu ili ndi anthu ogwira ntchito. Sukulu zambiri ndi zipatala zambiri zinali m'manja mwa amishoni. Boma lotere silifuna mzinda waukulu.

Chinthu chimene ndimafuna mlendo aliyense achione ndi maso ake ndi mmene tauniyi anaiyalira pa chitunda. Imani pafupi ndi bwalo la gofu, cha ku Gymkhana Club. Kumtunda kwanu kuli State House, nyumba imene munkakhala bwanamkubwa, ndi misewu yokhotakhota ya mithunzi ya mibawa kumene kunali nyumba za akuluakulu a boma achizungu, zamakonde otakata ndi mabwalo a maluwa. Bwalo la gofulo lili ngati mpanda wa udzu wobiriwira. Kumunsi kwake kuli msewu waukulu, masitolo amene ambiri anali a amwenye, mzikiti ndi msika. Mukapitirira kutsika, kulowera ku mtsinje wa Likangala ndi kubzola, ndi kumene kunkakhala anthu akuda: makalaliki, amesenjala, ophika, ochapa. Munthu ankadziwika ulemerero wake poona kutalika kwa pamene nyumba yake yakhala. Madzi oyera ankayambira kwa a kumtunda, a kumunsi n'kulandira otsala. Lero palibe lamulo loletsa munthu kukhala kulikonse, koma yendani kuchokera ku Mulunguzi kutsikira ku Mpondabwino, ku Chikanda kapena ku Sadzi, muone mmene mipanda ikucheperachepera, mitengo ikutha, nyumba zikuthithikana. Mapu amene anajambula atsamunda akadali m'nthakamu.

Pafupi ndi Masongola pali munda wa zomera, umene anthu amangouti ku Botanic. Unayambika mu 1891 ndi Alexander Whyte, amene Johnston anabwera naye kuti aziyesa mbewu ndi mitengo yoti ingabweretse ndalama. Whyte yemweyu ndi amene dzina lake lili pa dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu. Masiku ano ku Botanic kumapita akwati kukajambulitsa ndi ophunzira kukawerenga mayeso akayandikira, mtsinje wa Mulunguzi ukuwaimbira m'miyala.

Nyumba ya Malamulo yakale ili chakumtunda komweko, ndipo apa ndi pamene ndimachedwetsa alendo anga. Bungwe lopanga malamulo la Nyasaland linakhazikitsidwa mu 1907, koma kwa zaka zoposa 40 munalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Ankati mmishoni wachizungu ndiye aziyankhulira eni dziko. Akuda oyamba analowa mu 1949 mochita kusankhidwa ndi bwanamkubwa. Mu 1956 m'pamene munalowa asanu ovoteredwa, mwa iwo muli anyamata awiri olusa pakamwa, Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene anagwedeza nyumbayo potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Ndi kuno ku Zomba kumene bwanamkubwa Robert Armitage analamula pa 3 Malichi 1959 kuti dziko lili pa chiopsezo, tsiku limene timalikumbukira ngati la ofera dziko. Ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda atatulutsidwa m'ndende ya Gweru pa 1 Epulo 1960, anamutengera kuno kudzakumana ndi nduna ya Britain yoona za maiko a atsamunda, Iain Macleod.

Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964, koma miyezi iwiri isanathe bwino nyumba inagawanika. Nduna zinkadandaula zinthu zingapo: tiki imene anthu anayamba kulipira m'zipatala za boma, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ndi ubale wa Kamuzu ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Kumayambiriro kwa Seputembala 1964 Kamuzu anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi maudindo awo. Mtsutso wa pa 8 ndi 9 Seputembala unachitikira m'nyumba imeneyi. Kumapeto kwa mwezi womwewo m'misewu ya Zomba munali kumenyana pakati pa anyamata a chipani ndi ogwira ntchito m'boma omwe ambiri anali kumbali ya ndunazo. Mu Febuluwale 1965 Chipembere ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, n'kuuyamba ulendo wa ku Zomba, koma anakakanika pa Liwonde, poti pa Shire panalibe mlatho nthawi imeneyo ndipo chombo choolotsa chinali tsidya linalo. Ine ndimaona kuti ulamuliro wa chipani chimodzi umene tinakhala nawo zaka 30 unabadwira m'masabata amenewa, m'kachigawo koti munthu n'kukazungulira pansi ola limodzi lisanathe.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mlendo wongobwera yekha sangadziwe zonsezi. Nyumba zambiri zakalezi zilibe chikwangwani chonena kuti inamangidwa liti, munkachitika chiyani. Zina malata achita dzimbiri, matabwa a pakhonde adyedwa ndi chiswe. Mbiri yathu yolembedwa inapsapo kale kamodzi: mu 1919 moto unatentha maofesi aakulu a boma kuno ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda anasanduka phulusa. Zimene zinatsala, ndi zonse zolembedwa pambuyo pake, zimasungidwa ku National Archives, konkuno ku Zomba, nthambi imene inayamba mu 1947. Kumabwera akatswiri ochokera kunja kudzakhala miyezi akufufuza m'mafayilo, pamene ambiri a ife okhala pafupi sitinapondeko.

Polowa m'tauni kuchokera ku Blantyre pali chipilala chachitali cha njerwa, pafupi ndi Cobbe Barracks. Aliyense amachiona, ochepa ndi amene amaima. Ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, omwe anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. Ndinawatengera malume pamenepo masana, dzuwa lili pamutu. Anavula chipewa, n'kuyamba kuwerenga mayina pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Anali mayina a kwathu kuno, olembedwa mmene mzungu anawamvera, ena dzina limodzi lokha. Atawerenga kwa nthawi anati, "Agogo awo a mayi ako anapita ku nkhondo imeneyi, koma sanagwire mfuti. Anali mtengatenga." Dzina lawo sitinalipeze, ndipo sitikanalipeza. Amuna pafupifupi 200,000 a mu Nyasaland anatengedwa, ambiri mokakamizidwa, kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo yolimbana ndi Ajeremani ku East Africa, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Mwezi wa Novembala uliwonse pachipilalapa pamaikidwa nkhata za maluwa. Ndikamaona mwambowo ndimakumbukiranso osenza katundu aja.

Nanga likulu linachokeranji? Zifukwa zimene boma linapereka zinali zomveka. Zomba ili kummwera, pafupi ndi Blantyre, ndipo chitukuko chonse chinaunjikana chigawo chimodzi, pamene pakati ndi kumpoto kunali kotsalira. Tauniyi yapanikizika ndi phiri, malo omangapo maunduna ndi bwalo lalikulu la ndege ndi ochepa. Lilongwe ili pachidikha, pakati pa dziko, m'dera la chimanga ndi fodya. Kamuzu ankanena kuti maganizowa anawalota ali m'ndende ya Gweru, pamodzi ndi a yunivesite ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Koma ndale nazo zinalipo: chigawo chapakati ndi kwawo, ndipo Zomba inali ndi fungo la atsamunda komanso la nduna zomugalukira zija. Britain inakana kulipira ntchitoyo. Ndalama zoyambira, ngongole ya ma rand 8 miliyoni, zinachokera ku boma la tsankho la South Africa mu 1968, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Aphungu okha anapitirizabe kukumana ku Zomba mpaka 1994.

Kusamukako kunaipweteka Zomba pa ndalama, koma mbali ina kunaisunga. Chikhala kuti likulu linakhalabe kuno, bwenzi nyumba zakalezi zitagwetsedwa kalekale kuti pamangidwe zosanja. Ndipo si zonse zinapita. Ofesi ya kalembera ndi ziwerengero ya National Statistical Office ili kuno, yosindikiza mabuku ndi malamulo a boma ili kuno, MANEB yolembetsa mayeso ili kuno, a zofufuza miyala ndi a kafukufuku wa nkhalango alinso konkuno. Pa kalembera wa 2018 mu mzindawu munapezeka anthu 105,013, ndipo dzina loti mzinda unalilandira mu 2008.

Chimene chinalowa m'malo mwa maunduna ndi Chancellor College, yomwe inasamuka ku Chichiri mu Blantyre kubwera ku Chirunga mu 1973, ndipo kuyambira 2021 ndiyo yatsala ndi dzina la University of Malawi. Apa ndi pamene mbiri ya Zomba imandilasa mtima kwambiri, chifukwa sukulu ya ukachenjede ndi ndende zinakhala zoyandikana, ndipo anthu ena anayenda ulendo wochoka kwina kupita kwinako. Mlakatuli Jack Mapanje, yemwe ankatsogolera nthambi ya Chingelezi pa Chanco, anamangidwa mu Seputembala 1987 ali ku Gymkhana Club, n'kukhala ku ndende ya Mikuyu, kunja pang'ono kwa tauni, mpaka 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anagwidwa kuno ku Zomba atachoka ku Nyumba ya Malamulo, anagonekedwa ku Mikuyu, mawa lake n'kukaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza. Dziko linauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 n'kudzakhala nduna ya zamalamulo, anamwalira mu Okutobala 1992 m'ndende yaikulu ya Zomba, pamtunda wochepa kuchokera pa nyumba imene ankayankhuliramo ngati nduna. Mkazi wake Vera anali m'ndende yomweyo, ndipo anatulutsidwa mu Januwale 1993. Mu Malichi 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma, ophunzira a pa Chanco anali m'gulu la oyamba kutuluka m'misewu kuwaikira kumbuyo.

Ndende yaikuluyo inamangidwa mu 1935 ndipo ikugwirabe ntchito. Si malo okaona alendo, ndipo musaloze kamera kumeneko, ngakhalenso ku State House ndi ku malo a asilikali. Mungoidziwa podutsa. Mudziwenso kuti nyimbo zimene akaidi ndi owayang'anira anajambula m'kati mwa mpandawo zinafika popikisana nawo pa mphoto za Grammy mu 2016, koyamba kuti nyimbo za ku Malawi zifike pamenepo.

Mukatopa ndi zolemerazi, tsikirani kumsika, makamaka mmawa. Msika wa Zomba umadyetsedwa ndi mbali ziwiri. Kuphiri kumachokera mbatata ya kachewere, mapeyala, masitiroberi ndi ndiwo zamasamba zokonda kozizira. Kuchigwa cha Chilwa kumachokera mpunga, matemba ouma, milamba yowamba ndi makumba. Imani pang'ono mumve makutu anu: mayi wogulitsa matemba akutsatsa m'Chichewa, akutembenuka kulankhula ndi mnzake m'Chiyao, uko gogo wina akuponyamo mawu a Chilomwe. Alomwe anayamba kulowa mochuluka kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo ambiri anagwa m'thangata pa minda ya azungu. Ndiye chikhalidwe cha Zomba si cha mtundu umodzi. Kuli manganje a Ayao, amene amamveka kwambiri m'nyengo ya zinamwali sukulu zikatsekera, pamene anyamata a ku jando ndi atsikana a ku nsondo akutuluka. Kuli tchopa wa Alomwe, gule amene UNESCO inamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2014. Mukakumana ndi gulu la chinamwali m'njira ya ku Chinamwali kapena ku Songani, patukani mwaulemu, ndipo musajambule musanapemphe kwa akuluakulu.

Amene ali ndi tsiku lina apite ku doko la Kachulu, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa, akaone Chilwa ndi chilumba cha Chisi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, n'chifukwa chake imaphwa: inauma mu 1968, mu 1995, ndipo mbali yaikulu inaumanso mu 2018. Mu 1997 inakhala malo oyamba m'Malawi kutetezedwa pansi pa pangano la maiko loteteza madambo la Ramsar chifukwa cha mbalame zake za m'madzi. Chilwa ikauma, mtengo wa matemba pamsika wa Zomba ndiwo umayamba kulengeza.

Tsopano kwerani phiri. Nsonga yake yaitali, Malumbe, imapitirira mamita 2,000. Kuli mathithi a Williams ndi a Mandala, kuli dzenje la Chingwe limene akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu. Kuli Queen's View, potchedwa dzinali chifukwa cha ulendo wa mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View pamene anaima Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965, malo amene Marasta amawalemekeza mpaka lero. Pokwera mudzakumana ndi amayi akutsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni, ndi abambo akukankha njinga zodzaza matabwa, mabuleki atawathandizira ndi phazi. Sindiwaweruza, poti pakhomo pafunika moto ndi ndiwo. Koma malo ambiri amene ndili mwana anali nkhalango ya paini yoti masana mumachita mdima, lero ndi zitsa ndi udzu wopsa. Madzi onse a m'mipope ya mzindawu amachokera pamwamba pamenepa. Ndipo okalamba a kuno sanaiwale Disembala 1946, pamene mvula yosalekeza inagumula mbali ya phiri, madzi ndi miyala n'kukokolola milatho, nyumba ndi anthu. Amati Napolo anadutsa, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamukira kunyanja chimang'amba nthaka. Amene anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu Malichi 2023 sangaitenge nkhani ya Napolo ngati nthano ya ana.

Ife ndi malume tinafika pa Emperor's View madzulo a tsiku lachiwiri, nkhungu itangoyalula. Kutali kunkaoneka Mulanje, chakumanzere Chilwa ikunyezimira, ndipo pansi pathu penipeni tauni yonse inali ngati yoti n'kuiphimba ndi lichero. Malume sanatulutse foni. Anandigwira paphewa n'kuyamba kufufuza ndi chala m'madenga ndi m'mitengo ya pansipo.

"Gofu ija ndi iyo. Ndiye kwa bwanamkubwa ndi apo. Msika uli mmunsimo." Anakhala chete pang'ono, maso akusakasaka chakumanja. "Tandilozera, mphwanga, paja pali chipilala cha asilikali."